Mazenera a Mayi Hutala

Apongozi anga ndinawamva ndisanawaone. Tsiku limene amuna anga, amene nthawi imeneyo anali asanakhale amuna anga, ananditenga kuti ndikaonekere kwa mayi awo, tinatsika kunja kwa mpanda wa depoti ya mabasi. Tisanalowe n'komwe pageti ndinamva mawu a munthu wamkazi akuyenda pamwamba pa phokoso lonse la mainjini ndi mawailesi.

"Ya kuchipatala chachikuluuu! Malo atsala awiri! Inu a chipewa chofiira, imeneyo si yanu, yanu ili kumbuyoko!"

Ine ndinati, "Koma chimkuzamawu cha pano ndiye n'champhamvu."

Iwo anaseka. "Si chimkuzamawu chimenecho. Ndi apongozi ako."

Ndinkayembekeza chimayi chodzaza pakhomo, koma ndinapeza munthu wamfupi wondilekeza m'phewa, wovala juzi ya buluu ndi nsapato za mphira, ataima pa kireti ya zakumwa yotembenuza. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nandifunsa ngati ndadya. Funso limenelo analimva anthu onse a m'depoti, moti dalaivala wina anayankha ali m'basi mwake kuti iyeyo sanadye.

Pa depoti palibe amene amawatchula dzina lawo lenileni. Onse amati Mayi Hutala. Anafika pamalopo kalekale, amuna awo atangomwalira, ali ndi dengu la malalanje pamutu ndi mwana kumbuyo. Malalanjewo sankayenda malonda kwenikweni, koma mawu otsatsira aja ankafika mpaka kumsewu waukulu. Tsiku lina dalaivala amene hutala ya basi yake inali itafa anawapempha kuti amuitanireko anthu. Basi ija inadzaza ena onse akadali kuyasamula. M'mawa mwake madalaivala anayamba kuwalimbirana, mpaka eni mabasi anakhala pansi n'kugwirizana kuti mayiwa asiye malalanje, aziitanira mabasi onse mwadongosolo, osakondera. Mwana anali kumbuyo uja ndiye amuna anga. Anakulira pafupi ndi mawu amenewo, n'chifukwa chake mpaka lero ukawalankhula chapansipansi samva.

Ntchito ya mayi sinali kukuwa kokha. Ankadziwa kuti dalaivala wina, a Ndevu, amachedwa pobwerera chifukwa amaima pa tiyi, ndiye malo awo oimikapo basi, a pa mpopi wa madzi, ankawabwereka wina kaye. Ankadziwa kuti a Busa, dalaivala amene amaika nyimbo za kwaya zokhazokha, sanyamula munthu woledzera, ndiye oledzera ankawalozera kwina mkangano usanabuke. Ankati depoti yonse amaisenza m'mutu, mabasi amene alipo ndi amene apita omwe.

"Basi ikatuluka pageti sinathe," ankatero. "Yangopita kukazungulira."

Chaka chatha, Dodo wanga atangoyamba kukwawa, mawu aja anayamba kusasa. Poyamba tinkati ndi chimfine. Anamwa madzi a mandimu, anamwa uchi, anakulunga khosi ndi mpango, koma mawu ankangothawirabe. Adokotala atawaunika pakhosi anawauza mosabisa kuti akapitiriza kukuwa, mawuwo adzatheratu, ngakhale oitanira mdzukulu sadzatsala. Anabwerako akulankhula monong'ona. Abale, kumva Mayi Hutala akunong'ona kunali ngati kuona galimoto yozimitsa moto ikukankhidwa.

A Kapitawo, amene amayang'anira depoti, si munthu woipa. Anagula chikwangwani cha magetsi, chija cha malemba ofiira oyenda, nachipachika pamwamba pa kanyumba ka matikiti. Kenako anabwera kwa mayi chipewa chili m'manja.

"Mayi, chikwangwanichi chikufuna munthu woti azichilembera. Ine ndikufuna akhale inuyo. Koma eni mabasi akuti ngati simutha tipeze wina, ndipo ndili ndi mwana wa mlongo wanga, wamaliza sukulu, amalemba pa foni ndi zala ziwiri ngati akusenda mtedza. Mwezi uno ukamatha tione."

"Mtedza ndinayamba kusenda iye asanabadwe," mayi ananong'ona.

Anthu anaseka, koma ine ndinaona mmene anafinyira m'mphepete mwa juzi yawo. Kwathu akanatha kudzakhala, mbale yawo sikanasowa. Koma munthu amene wakhala pa depoti moyo wake wonse, ukamuchotsapo umuika pati?

Ntchito yolumikiza chikwangwanicho inagwera amuna anga. Ali ndi kashopu kokonza mafoni kotsamira mpanda wa depoti, ndipo anthu amawatchula Kawaya. Ine wochapa ndi amene ndikudziwa kuti dzinalo silinama, chifukwa thumba lililonse la thalauza lawo limatuluka tiwaya.

Chimene chimayendetsa chikwangwanicho ndi kakompyuta kakang'ono ngati sopo wosambira, kobiriwira, kopanda chikuto. Amuna anga anakaika m'kabokosi kanga konyamulira chakudya, ataboola timabowo topumira ndi msomali wamoto, osandipempha n'komwe. Anakalumikiza ku sikirini yakale, kiyibodi ndi mausi, amene mayi anangomutcha kambewa. Anandifotokozera kuti m'kati mwake muli fayilo imodzi, ngati kapepala. Ukalemba m'fayilomo n'kuseva, chikwangwani panja chimaonetsa zimene walembazo mpaka utasevanso zina. Chotsala chinali kusankha pulogalamu yolembera, ndiye kuti chinthu chimene chimatsegula kapepalako kuti munthu alembepo.

"Imeneyo ndi nkhani ya tsiku limodzi," iwo anatero. Ine ndinaphunzira kale kuti akatero ndiziyembekeza mwezi.

Madzulo akaweruka ankabwera nako kunyumba, mayi ali pambuyo, n'kukayala pa tebulo langa lositira. Pulogalamu yoyamba inali imene kakompyutako kanabwera nayo, imenenso amuna anga amaikonda ngati mwana woyamba. Sikirini yonse bii, timalemba toyera, popanda batani lililonse loti udine. Kambewa sikankagwira ntchito m'menemo. Chilichonse umachita kuloweza pamtima.

"Mukafuna kulemba, mudine ichi kaye, amayi. Mukamaliza mudine ichi cha pakona, kenako timadontho tiwiri, kenako chilembo ichi ndi ichi."

"Nanga ndikangoyamba kulemba osadina kaye?"

"Musatero, amayi."

Mayi anaterodi. Mzere wonse umene amuna anga analemba unasowa, kenako unabwera uli kawiri, kenako kakompyuta kanayamba kulira pi, pi. Mayi anadina apa, anadina apo, akufuna kutuluka, koma ayi ndithu.

"Iwe, khomo lili kuti? Wandilowetsa m'chipinda chamdima n'kundikhomera."

"Ndi yopepuka kwambiri imeneyi, amayi. Akatswiri onse amagwiritsa ntchito imeneyi."

"Ndiye kaitane akatswiri akowo adzaitanire basi ya a Ndevu."

Yachiwiri anaitsitsa pa intaneti, yaikulu ija ya m'maofesi, ya tsamba loyera ndi mabatani ambirimbiri pamwamba ngati mashelefu a m'sitolo ya mankhwala. Mayi anaikonda atangoona chithunzi chake. Vuto linali kutseguka. Atadina, ine ndinasambitsa Dodo, ndinamudzoza mafuta, ndinamuveka, pobwera ndinapeza awiriwo akuyang'anabe kachizindikiro kozungulira. Kabokosi kanga kanatentha moti ukanatha kufunditsirapo tiyi. Itatseguka, mawu aliwonse amene mayi ankalemba inkawadula mzere wofiira pansi.

"Mphunzitsi ameneyu wamulemba ntchito ndani?" mayi anafunsa. "Ndinathawa mmodzi ndili mwana, lero wandipeza pa ukalamba?"

Ataiyesa pa chikwangwani chenicheni m'mawa mwake, m'malo moti "Ya kumsika waukulu" panatuluka timabokosi, manambala ndi tizizindikiro tachilendo, zikuyenda monyadira pamaso pa anthu onse. Amuna anga anati pulogalamuyo imabisa zokongoletsa zake m'kati mwa fayilo, ndipo chikwangwani chimangowerenga zonse osasankha. A Busa anati ayi, chikwangwani chayamba kulankhula malilime, tichisiye chimalize.

Yachitatu inali yapakatikati, ya anthu olemba mapulogalamu. Inkatseguka msanga ndithu, inali ndi manambala m'mbali mwa mizere ndi malemba amitundumitundu, ndipo kambewa kankagwira. Pa tebulo lositira inayenda bwinobwino. Mayi analemba ndi chala chimodzi, lilime lili panja, "Ya kuchipatala ili pa mpopi, malo alipo", n'kuseva okha. Tinaomba m'manja, Dodo nayenso anaomba osadziwa chifukwa. Amuna anga anati nkhani yatha.

Ku depoti m'mawa zinkayendadi. Koma dzuwa likamafika pamutu, kakompyuta kankayamba kukoka miyendo. Kambewa ukakasuntha kankayamba kaganiza kaye, kenako zonse gwa, kauma. Chikwangwani chinkangoima pa basi imodzi yoti inapita kalekale. Tsiku lina chinaima chikunena kuti ya kuchipatala ili pa mpopi, pamene pa mpopi panali patalowa ya kumalire. Mayi wina wa mwana wodwala anakwera, anachita kutsitsidwa pageti akulira. M'mawa mwake mtsikana wina, mwana wa mlongo wa a Kapitawo uja, anayamba kubwera kudzakhala pa benchi ya pakhomo pa kanyumbako, akuti aziona nawo.

Amuna anga anati ndi kutentha, anamangirira kafani pa kabokosi. Sizinathandize. Anati ndi kakhadi kosungira zinthu, anagula kena. Anati ndi magetsi a pa depoti, anasintha chaja. Akaitanidwa ankafika kakompyuta katauma kale, sikirini itachita mbuu, ndiye ankangozimitsa n'kuyatsanso, zonse zimene zinali pamenepo n'kufufutika. Madzulo kunyumba kankagwira ntchito ngati mwana wamwano pamaso pa alendo, kaulemu kotheratu. Iwo anayamba kusiya chakudya m'mbale. Mayi nawo nthabwala zinachepa, ndipo tsiku lina ndinawapeza akufunsa wogulitsa zipatso wa pangodya kuti masiku ano malalanje amapikula kuti.

Madzulo a tsiku limenelo ndi pamene anauza mwana wawo. "Mawa utseke kashopu kako, ukhale pambali panga kuyambira m'mawa. Umangobwera munthu atakomoka kale. Bwera udzaone mmene amagwera."

Ine ndinawatsatira ndi fulasiki ya tiyi, Dodo ali kumbuyo. Kanyumba ka matikiti n'kakang'ono, anthu atatu mukapuma pamodzi galasi limachita nthunzi. Mayi anakhala pa kireti yawo ija, chifukwa mpando anaukana, amuna anga anaima pambuyo pawo.

Basi ya a Ndevu inalowa n'kuima pa mpopi. Mayi anadina kachithunzi ka pulogalamu, zenera linatseguka pa sikirini, anafufuta zimene zinalimo, analemba za a Ndevu, anaseva. Panja chikwangwani chinatchula a Ndevu. Kenako anagwira zeneralo ndi kambewa, analichepetsa, nalikokera ku ngodya ya kumanzere. Izi palibe anawaphunzitsa, anazitulukira okha. Posakhalitsa analowa a Busa. Mayi anadinanso kachithunzi kaja, zenera lina linatseguka, analemba, anaseva, nalikokera kumanja.

"Amayi, mwatsegula lina? Loyamba lija simunatseke."

"Nditseke bwanji? A Ndevu akadali pa mpopi. Sukuwaona?"

A Ndevu atadzaza n'kunyamuka, amuna anga anati, "Eya, tsopano tsekani."

"Abwera masana amenewo. Nditseke kuti ndidzalembenso zomwezo ndi chala chimodzi? Akabwera ndingodina zenera lawo, ndiseve, chikwangwani chiwatchule." Anakokera zenera la a Ndevu pansi penipeni pa sikirini. "Apa ndi kunja kwa mpanda."

Amuna anga anagwira pakamwa. Pofika chakumasana ngakhale ine ndinaona. Sikirini ija inali depoti. Kumanzere kunali pa mpopi, kumanja pageti, pakati pamtengo, ndipo pansi panali mulu wa mabasi amene anali m'misewu. Basi iliyonse inali ndi zenera lake, pamalo ake. Akabwerera ku zenera lakale, pulogalamu ija inkatulutsa kabokosi ka funso la Chingerezi.

"Kameneka kamandifunsa tsiku lonse," mayi anatero. "Ndimangodina kumanja, kamachoka. Kaya ndikuvomera chiyani, kaya ndagulitsa nyumba."

Basi ya kumapiri italowa, mayi anadina kuti atsegule zenera lina. Kambewa kanagwedezeka pang'ono, kanaima, basi.

"Ndi pamenepo," mayi anatero. "Waona mmene amagwera?"

"Amayi, kakompyuta aka mutu wake ndi wochepa. Zenera lililonse mukatsegula ndi pulogalamu yathunthu, ndi katundu. Mukukasenzetsa depoti yonse."

"Ine ndaisenza zaka zonsezi ndi mutu uno."

"Wanuwo ndi wina, amayi. Aka sikangathe. Muzitsegula zenera limodzi lokha. Basi ikabwera mufufute, mulembe yatsopano."

Anayesa m'mawa mwake, chifukwa mayi si munthu wokana asanayese. Kakompyuta sikanaume ngakhale pang'ono. Koma chala chimodzi chija chikamafika pa chilembo chomaliza, basi inali itadzaza kale ndi anthu ofunsana okhaokha, ina italowa. Madalaivala anayamba kugogoda pagalasi. "Masteni, tatitchulani, taima kalekale!" Mtsikana wa pa benchi uja, mwana wa ulemu wake ndithu, anadzuka n'kupempha mayi kuti awalembereko pang'ono. Analemba ngati mvula pa malata. A Kapitawo ankadutsa, anaima, anayang'ana, anapitirira. Mayi tsiku limenelo sanabwere kwathu, anati mutu ukuwawa.

Amuna anga anakhala pa tebulo lositira nthawi yaitali akuyang'ana kabokosi kanga. Kenako anati, "Amayi sangasinthe. Mazenera awo aja ndi njira yabwino, mwina kuposa yanga. Ngati katundu sangachepe kuchuluka, achepe kulemera."

Anatsitsa timapulogalamu ting'onoting'ono tingapo, tija topanda dzina lomveka, n'kukawatenga mayi kwawo ndi mutu wawo womwewo. Pangodya ya sikirini anaika kamzere kosonyeza kudzaza kwa mutu wa kakompyuta. Kakakhala kobiriwira zili bwino, kakafiira ndiye kuti katsala pang'ono kugwa.

"Lero sindikuuzani chochita, amayi. Tsegulani mabasi anu onse mmene mumachitira. Imene isenze depoti yonse, kamzere kasanafiire, ndi yomweyo."

Yoyamba inali yopepuka ndithu, koma malemba ake anali ngati nyerere, ndipo sinkalola kuwakulitsa. Mayi anayandikira mpaka mphuno inagunda sikirini.

"Imeneyi ndi ya achinyamata a maso a mphamba. Chotsa."

Yotsatira inali ndi malemba abwino, koma atafika pa basi ya kumapiri kamzere kanayamba kufiira, ndipo nayonso inatulutsa kabokosi ka funso.

"Uyunso ndi wapolisi. Chotsa."

Ina inatseguka bwino, koma zenera lake linkakana kuchepa, linkangodzaza sikirini yonse ngati lole yoima pakati pa depoti. Imeneyo mayi anangoiloza ndi chala kuti ichoke.

Yomaliza amuna anga anaitsegula mosafuna. Inali tsamba loyera basi, timawu tochepa pamwamba, palibenso china. Inatseguka chala chisanachoke pa kambewa. Malemba anawakulitsa mpaka mayi anawerenga atatsamira kumbuyo. Anayamba kutsegula. A Ndevu pa mpopi. A Busa pageti. Ya kumalire, ya kumapiri, ya kumsika waukulu, ya kusukulu ya ukachenjede, iliyonse pamalo ake. Kamzere kali kobiriwira. Anabwerera ku zenera la a Ndevu, anaseva, sinawafunse kanthu.

"Mabasi atha, amayi?"

"Amoyo atha." Anayamba kutsegula akufa. Basi yachikasu imene inagulitsidwa amuna anga ali mwana, ina imene inasanduka khola la nkhuku kuseri kwa garaja, ina imene dalaivala wake anathawa ndi kondakitala wamkazi. Sikirini inadzaza thi, mazenera kusanjikizana ngati mbale zotsuka. Kamzere kanakwera pang'ono chabe, koma kufiira ayi.

"Ndi imeneyi," mayi anatero.

Amuna anga anakwinya nkhope. "Koma ilibe kanthu, amayi. Ilibe mitundu, ilibe manambala a mizere, siitha kufufuza bwino. Anzanga akaiona andiseka."

"Anzakowo akwera basi iti?"

Chilema chake chinali chimodzi. Inalibe batani loonekera losevera. Umayenera kudina mabatani awiri a pa kiyibodi nthawi imodzi, ndipo mayi ankangowasokoneza ndi oyandikana nawo. Ine ndinalowa kuchipinda, ndinatenga penti wanga wa m'zikhadabo, n'kudontheza kofiira pa mabatani awiriwo.

"Amake Dodo, kiyibodi imeneyo ndi yobwereka!"

"Kabokosinso kanali kanga," ndinatero.

Tsiku lomaliza la mwezi linagwa Lachisanu, anthu atalandira, ndipo kunagwa mvula. Depoti inadzaza anthu ndi katundu, matiresi, mawailesi atsopano m'makatoni, ana olira. A Kapitawo anaima pakhomo pa kanyumba ka matikiti pamodzi ndi mmodzi wa eni mabasi, bambo wamimba yake wa ambulera yakuda. Mtsikana uja anali pa benchi. Amuna anga anati ali ndi mafoni ambiri oti akonze, koma nthawi ndi nthawi mutu wawo unkasuzumira pa mpanda.

Mayi anakhala pa kireti, dzanja limodzi pa kambewa, lina pa madontho ofiira. Basi ikangolowa, dinu pa zenera lake, kukoka, kuseva, chikwangwani chatchula kale dalaivala asanazimitse injini. Dzuwa, ngakhale silinkaoneka, linafika pamutu n'kudutsa. Kamzere kali kobiriwira. Bambo wa ambulera anayamba kugwedeza mutu pang'onopang'ono.

Kenako basi ya a Busa, itadzaza, nyimbo ikulira, inakana kulira injini. Anaikankha, inatsokomola, inafa. Anthu anayamba kutsika mumvula akukalipa, ena akuthamangira basi iliyonse imene aiona. Pankafunika uthenga umene unalibe zenera, wautali, ndipo unkafunika nthawi yomweyo. Ndinaona mayi akutsegula pakamwa, khosi likukoka mpweya ngati kale. Koma anatseka pakamwa paja, anayang'ana chala chawo chimodzi, kenako anatembenukira ku benchi.

"Iwe mwana, bwera kuno. Zala zakozo zisangokhala."

Mtsikana anayang'ana amalume ake, kenako analowa. Mayi anamutsegulira zenera latsopano n'kumunong'oneza m'khutu. Okwera basi ya a Busa asamukire pamtengo, ikubwera ina yopanda anthu, matikiti ndi omwewo, a katundu wolemera adikire pomwepo awanyamulira. Mtsikana analemba, mayi anadina madontho ofiira. Panja anthu anakweza maso, anawerenga, anayamba kuyenda kulowera pamtengo ngati awauza ndi pakamwa. Basi yopanda anthu ija inalowadi, ya dalaivala amene mayi ankadziwa kuti Lachisanu amabwerako msanga ku garaja.

Zitatha, mtsikana anagwira kambewa kuti atseke zenera lija. Mayi anamumenya kadzanja pang'ono.

"Usatseke. Basi ya a Busa idzafanso."

A Busa, amene anali atafika pagalasi ali chinyowere, anamva. "Mayi, mukunditemberera?"

"Sindikutemberera, abusa. Ndikukudziwani."

Bambo wa ambulera anaseka mpaka kutsokomola. Atapuma anafunsa mtsikana uja ngati akanadziwa yekha basi yoti atumizeko anthuwo.

"Ine mabasi onsewa ndimangoona ofanana, bwana," iye anayankha. "Ndipo amalume, ndinakuuzani kuti ndikufuna kukaphunzira za unamwino."

A Kapitawo anakanda m'mutu. Anakambirana ndi bamboyo pansi pa ambulera, nkhani yake yosatalika. Ntchito inakhala ya mayi. Mtsikanayo anati azibwera Lamlungu lokha podikira sukulu yake, mayi amuphunzitse depoti, iwo tsiku limenelo azipuma. Amuna anga atamva anabwerera ku kashopu kawo akuimba mluzu, ndipo madzulo ake anadya mbale ziwiri.

Mawu akuti kupuma ndi amene mayi sanawamvetse. Kuyambira pamene anafika pa depoti anali asanakhalepo kunyumba tsiku lathunthu. Lamlungu loyamba limene mtsikana uja anatsala yekha, atamuuza ndi kumubwereza kuti asatseke kanthu, mayi anafika kwathu masana atavala diresi labwino. Anakhala pampando, manja pamaondo. Anamwa tiyi. Anayang'ana khoma, anayang'ana denga, anawongola nsalu ya patebulo imene inali yowongoka kale.

"Amake Dodo," anandiitana monong'ona. "Kodi anthu amatani Lamlungu masana?"

"Amagona, amayi."

"Masanasana? Osadwala?"

"Osadwala."

Anaganiza pang'ono. "Ndiye bweretsani mwanayo. Pitani mukagone inuyo, ndione mmene zimakhalira."

Ndinagona tulo timene ndinali ndisanagonepo chibadwire Dodo. Podzuka dzuwa linali litapendeka. Ndinawapeza awiriwo pamphasa, mwana atagona pamimba pa agogo ake, agogo ali chagada ndi diresi lawo labwino lija, kukamwa yasa. Ndinanyamula mbale zanga n'kukatsukira panja kuti zisasokose.